Mabuku Atatu, Ulusi Umodzi

Tsiku limene Rahma anatuluka m'chipatala cha ku boma, mwendo uli m'chikhakha kuyambira pabondo mpaka kuphazi, amayi ake, Madina, anali ataganiza kale zopita naye ku Lilongwe. Chimene sanadziwe n'chakuti apongozi ake, a Sailesi, nawonso anali ataganiza zawo.

Anakumana pakhonde la nyumba ya a Sailesi ku Liwaladzi. Madina anakhala pamkeka chapatali, monga amachitira mkazi pamaso pa bambo a mwamuna wake, ngakhale mwamunayo, Steward, anali atagona kumanda zaka zisanu ndi chimodzi. Ankalankhula akuyang'ana pansi, koma mawu ake sanali a munthu wopempha.

"Ababa, adokotala akuti miyezi itatu mwanayu asayende mtunda. Kusukulu sangafike, ndipo mayeso a Fomu 2 ali pakhomo. Kumene ndikukhala ine kuli aphunzitsi oyenda m'makomo. Ndimutenge."

"Aphunzitsi oyenda m'makomo," anabwereza a Sailesi, ngati akulawa bwemba. "Nanga amene ali kale pakhomo mwawachotsa ntchito liti?"

Rahma anaseka ali m'nyumba. Njinga yamoto ya kabaza inali itamuthyola mwendo pamsewu wa M5, koma makutu inawasiya bwinobwino.

A Sailesi anaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zinayi, kuyambira ku Mwadzama, kukwera ku Nkhunga, n'kudzamalizira pa sekondale yoyendera ya kwawo konkuno. Phunziro lawo linali la mbiri yakale. Ndipo tinene zoona, ndi phunziro lomwelo limene mdzukulu wawo analephera mochititsa manyazi teremu yapitayo, moti mkuluyo anatha sabata yathunthu osapita pamsika kuopa kufunsidwa. Madina ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake sanalimbane nawo. Anati maphunziro enawo aphunzitsi a kusukulu azitumiza zolemba kudzera kwa Zainab, mnzake wa Rahma. Koma la mbiri, popeza ndi limene likuvuta, alisiya m'manja mwa eniake.

"Pakatha sabata zisanu ndi imodzi ndibwera, Inshallah. Ndikapeza akuyenda bwino, atsala. Ndikapeza wabwerera m'mbuyo, Ababa, musadzandiletse."

"Sindidzakuletsani, amake Rahma."

Anasiya katoni ya mabuku atsopano, la masamu, la sayansi, la zaulimi, la mbiri ndi ena, n'kukwera minibasi kubwerera kuntchito yake yogulitsa nsalu.

Panali chinthu chimodzi chimene a Sailesi sananene pakhonde paja. Maso awo anali atayamba ng'ala. Zinayamba chaka chimene anamwalira a Malita, akazi awo, ndipo tsopano munthu ankamudziwira mawu ndi kayendedwe. Mitundu ankaiona, chofiira n'chofiira, chobiriwira n'chobiriwira, koma zilembo zinali zitasanduka nyerere zoyenda m'madzi. Kutchalitchi ankatsegula buku la nyimbo ngati wina aliyense n'kumaimba za pamtima. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Sanauze munthu, chifukwa ankadziwa kuti tsiku limene Madina adzamve, Rahma adzapita. Ndipo Rahma akapita, m'nyumbamo mudzatsala iwo ndi mawu a nyanja basi. Zimenezi ankaziopa kuposa khungu lenilenilo.

M'mawa mwake anakoka sutikesi yachitsulo pansi pa bedi. Itatseguka, fungo la mabuku akale linawabweza zaka makumi anayi nthawi imodzi. Munali mabuku awo awiri. Lofiira analandira ku koleji ya aphunzitsi, ndipo chiswe chinali chitadya ngodya imodzi kuyambira kwa Amaravi mpaka kwa Ayao. Lakhofi analipeza ali ku Nkhunga. Limeneli linawolokapo mtsinje wosefukira lili m'ndowa pamutu pa a Malita, iwo ali pambuyo ndi Steward pamapewa, akufuula kuti, "Ndowayo, Malita, ndowayo!" A Malita anawakumbutsa mawu amenewa mpaka imfa yawo. Ankati, "Mwana ali pamapewa, mkazi ali m'madzi, koma bambo akulirira ndowa."

Mabuku awiriwa sankafunika maso. Ankawadziwa tsamba ndi tsamba, pamene anadontheza tiyi, pamene Steward ali wamng'ono anajambula ndevu pachithunzi cha mfumu n'kukanikiza pensulo mpaka kusiya kamzere komveka ndi chala. Vuto linali lachitatu, la mbiri latsopano lija, lachikuto chobiriwira, la masamba oterera ngati mimba ya mlamba. Mayeso adzachokera m'menemo, ndipo iwo sankatha kuwerenga ngakhale mutu wake.

Koma mphunzitsi wakale sasowa njira.

"Rahma, tamva. Ndikufuna ndimve Chingerezi chako ngati chinapulumuka pangozi ija. Tsegula buku latsopanoli koyambirira, undiwerengere mitu yonse, ndi tsamba limene mutu uliwonse ukuyambira."

Rahma anawerenga. A Sailesi anamuuza abwereze, akuti sakutulutsa mawu bwino. Anabwereza kachitatu, akudandaula. Pofika pamenepo zonse zinali zitakhazikika m'mutu mwa a Sailesi, monga ankasungira mayina a ana makumi asanu ndi atatu pa tsiku loyamba la teremu. Mitu inali khumi ndi iwiri. Sabata zotsala zinali khumi ndi ziwiri. Anaona ngati Mulungu mwini wawalembera sikimu, ndondomeko ya kaphunzitsidwe.

Anatenga kalendala ya chaka chatha, anaitembenuza, n'kumuuza Rahma alembe ndondomeko kumbuyo kwake ndi zilembo zikuluzikulu. Lolemba, buku lofiira, chifukwa limafotokoza bwino chiyambi cha zinthu. Lachiwiri, lakhofi, chifukwa lili ndi mapu ndi zaka. Lachitatu, latsopano, kuti amve mmene a masiku ano akuinenera nkhani yomweyo. Lachinayi, mafunso. Lachisanu, kubwereza m'mawa mokha, popeza Rahma anatsata chipembedzo cha amayi ake ndipo masana a Lachisanu anali a swala, mapemphero a Chisilamu. A Sailesi sanaonepo vuto pamenepo. Ankati m'nyumba muno Mulungu amamva kawiri pasabata, ndiye tili pabwino kuposa anzathu.

Ndondomeko inakhomedwa pakhoma la khonde, koma mtima wawo sunakhutire. Mabuku atatuwo sankayenda limodzi. Lofiira linkayamba ndi zimene lakhofi linkamalizira. Mwana wodwala mwendo azitsegula apa, kutseka apo, kufunafuna tsamba? Ayi. Mbiri ndi msewu umodzi, ankatero m'kalasi, ndipo munthu sayenda misewu itatu nthawi imodzi. Komanso, ngakhale izi sanadziuze mokweza, zonse zikasokedwa pamodzi sipadzakhalanso tsiku loti Rahma anene kuti, "Agogo, tandipezerani tsamba."

Mwayi unapezeka Loweruka, pamene a Mariamu a nyumba yoyandikana anaperekeza Rahma ku boma kuti adokotala akaone chikhakha. A Sailesi anatsala okha tsiku lonse. Anayala mkeka padzuwa, anatenga lumo latsopano, singano yosokera matumba ndi ulusi wa ukonde umene anapempha kwa asodzi. Anapisa m'katoni n'kutulutsa buku lobiriwira. Anapempha chikhululukiro kwa mabuku awo awiri akale, monga munthu amapepesera mbuzi yake asanaigulitse, n'kuyamba kudula.

Akalewo sanavute, anali atamasuka kale okha. Latsopanolo analigawa powerenga masamba ndi chala chonyowetsa malovu. Mutu woyamba masamba akuti, aika pambali. Wachiwiri akuti, aika pambali. Atafika kumapeto panatsala masamba asanu ndi anayi opanda kwawo. Anawerenganso, anatsalabe. "Osindikiza a masiku ano," anang'ung'udza, n'kuwaphatikiza ku mtolo womaliza.

Kenako anasoka. Kasokedwe kameneka anawaphunzitsa ndi a Malita, amene ankakuta mabuku awo ndi pepala la simenti chaka ndi chaka: mabowo atatu, kulowera pakati, kutulukira pamwamba, kutsikira pansi, mfundo n'kumangira m'kati kuti isakole. Ankasoka akumva mawu awo. "Musakoke kwambiri, aphunzitsi, pepala si chikopa." Dzuwa likupendeka, pamkekapo panali mitolo khumi ndi iwiri, uliwonse ndi masamba ofewa a buku lofiira, okhakhala a lakhofi, ndi oterera a latsopano. Anaisisita yonse. Kuyambira pamene anapuma pantchito anali asanakondwepo chotere.

Sukulu inatsegulidwa Lolemba, nthawi ya eyiti. A Sailesi anavala tayi. Rahma anakhala pampando wa ndalema, mwendo atausanjika pandowa yovundikira, ndipo agogo ake ankayenda uku ndi uku pakhondepo, manja kumbuyo, akunena kuti "kalasi" kwa mwana mmodzi. Anafotokoza za anthu oyamba kusula chitsulo ngati kuti anawathandiza kupukusa mvukuto. Amayi opita kukavuula chinangwa ankachepetsa liwiro akafika pampanda. A Mariamu, amene anali m'kalasi mwawo kalekale ku pulaimale, anayankha funso lina ali kuseri kwa bafa lawo, ndipo anauzidwa kuti akweze dzanja kaye.

Lachitatu linafika.

"Tsegula pamasamba oterera. Werenga, ndikumvere."

Anamva masamba akutembenuzidwa. Kenako zii. Kenako kaphokoso kapamphuno, ngati munthu akubisa kuseka.

"Chavuta n'chiyani?"

"Palibe, Agogo."

A Sailesi anamva kuti mwanayo akuwayang'ana, ndipo anakweza mtolo wawo wa m'manja pafupi ndi nkhope kuti aoneke otanganidwa. Kusekako kunatha. Atalankhulanso, mawu a Rahma anali atasintha, anali ofatsa.

"Agogo, Chingerezi cha bukuli n'chovuta. Mundilole ndikawerenge ndekha kuchipinda kaye, ndikamvetse, kenako ndidzakufotokozereni."

"Eya! Kumeneko ndiye kuphunzira. Pita."

Anamva ndodo zikugogoda pansi, go, go, go, kulowa m'nyumba. Patatha ola anabwerera, anakhala pansi, anatsegula mtolo, n'kufotokoza mutu wonse mwadongosolo, akutembenuza masamba. Zinagwirizana ndi za m'mabuku akale, kupatula apa ndi apo pamene a masiku ano anasintha maganizo. Pamenepo a Sailesi ankatsutsa, Rahma n'kuikira kumbuyo buku lake, mpaka tiyi kuzizira.

Zinakhala choncho Lachitatu lililonse. Go, go, go, kulowa. Go, go, go, kutuluka.

Sabata zimenezo zinali zokoma, ndipo a Sailesi ankadziwa kuti n'zokoma zili m'kati, chimene sichichitika kawirikawiri. Mwera unkaomba, Zainab ankabwera ndi zolemba madzulo, ndipo Rahma anayamba kufunsa mafunso amene palibe mwana anawafunsapo m'zaka makumi atatu ndi zinayi. Sabata ya malonda a akapolo Rahma anayang'ana kunyanja kumene zombo zinkawolokera.

"Agogo, ifeyo tinali mbali iti?"

A Sailesi anaima. M'kalasi funso lotere ankalizemba, chifukwa pabenchi limodzi pankakhala zidzukulu za onse.

"Iweyo unali mbali zonse ziwiri. Kwa amayi ako kunali ena okhala pafupi ndi eni zombo. Kwathu kuno kunali ena othawira m'bango. Onsewo anakumana mwa iwe, ndipo taona, mwendo umodzi wathyoka koma sunagwe."

"Zimenezo zili m'buku liti?"

"Zimenezo sadzafunsa pamayeso. Koma usaiwale."

Madina anafika Lachitatu la sabata yachisanu ndi chiwiri, m'mawa, atagona kwa abale ake ku boma. Anapereka moni, anakhala pamkeka pamalo ake aja, n'kutulutsa mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo amene anapempha kwa mphunzitsi wina ku Lilongwe. Anafunsa mafunso makumi awiri. Rahma anakhoza khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo pa awiri otsalawo a Sailesi ananena kuti limodzi wolakwa ndi wolemba funso.

"Mashallah," anatero Madina, ndipo zinamveka kuti zachokera pansi pa mtima. "Ababa, ndagonja. Mwanayu atsale."

Mkuluyo anakonza tayi. Chifuwa chinakula. Akanakhala wanzeru akanaitanitsa tiyi nkhani n'kuthera pomwepo, koma paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Simunaone chinsinsi chake, amake Rahma. Rahma, apatse amayi ako mtolo wa sabata ino aone mmene tinalumikizira mabuku."

"Agogo, amayi atopa. Aona mawa."

"Apatse."

Ndodo sizinagogode. A Sailesi anapapasa okha pampando, anatenga mtolowo n'kuupereka ndi manja awiri. Anamva Madina akuyamikira kasokedwe, akuti kakumukumbutsa apongozi ake aakazi. Anamva masamba ofewa akutembenuzidwa, kenako okhakhala, kenako oterera. Pamenepo kutembenuza kunaima.

"Amayi," anatero Rahma motsitsa.

"Takhala chete."

Mkeka unalira. Madina anali atasendera pafupi, pafupi kuposa mmene anafikirapo chikwatiwire pakhomopo. Anaika mtolo wotsegula m'manja mwawo.

"Ababa, pepani. Mutu uwu ukuti chiyani? Zilembo zake n'zazikulu."

A Sailesi anayang'ana. Anaona mzere wakuda pamwamba, ndi chinthu ngati chithunzi pansi pake. Sabata yachisanu ndi chiwiri, mutu wachisanu ndi chiwiri. Anaukumbuka bwino lomwe. Anayendetsa chala pansi pa mzerewo monga ankachitira pabolodi, n'kunena ndi mawu a m'kalasi:

"Kubwera kwa Angoni."

Kunyanja wina ankakhoma bwato. Kenako anamva Rahma akulira, kulira kwa munthu amene wakhala akudzigwira nthawi yaitali.

"Ababa," anatero Madina, "apa alemba za kapewedwe ka chitopa. Chithunzichi ndi khola la nkhuku."

Zinatenga kanthawi kuti zilowe. Rahma ndiye anafotokoza, akusisima. Mabuku obiriwira m'katoni muja anali awiri, ofanana msinkhu ngati mapasa. Limene agogo anadula linali la zaulimi. M'mitolo yonse khumi ndi iwiri, pakati pa mafumu ndi nkhondo, munali manyowa, nthochi, mbuzi ndi nkhuku. La mbiri linali lathunthu, ndipo iye analibisa pansi pa pilo. Lachitatu lililonse ankapita kukaliwerenga, n'kuloweza, n'kubwera kudzatembenuza masamba a nthochi akufotokoza za Amaravi.

"Unadziwa liti?" anafunsa a Sailesi.

"Lachitatu loyamba. Poyamba ndinaseka. Kenako ndinaona kuti mtolo wanu mwaugwira chadodolido."

"Bwanji sunanene?"

"Amayi akananditenga. Inu mukanatsala ndi ndani?"

Manyazi anawagwira, inde, manyazi a mphunzitsi amene wawerenga zabodza pamaso pa kalasi. Koma chimene chinawapweteka kwambiri chinali kugogoda kuja. Go, go, go. Sabata zisanu ndi ziwiri mwana wothyoka mwendo akudumphira kuchipinda kukasenza bodza la agogo ake, iwo ali pakhonde kudzitama kuti njira zakale n'zosatha. Ankaganiza kuti akumusunga, pamene wosungidwa anali iwo.

"Nanga zaulimi wakhala ukuwerenga chiyani?"

"Ndimatsegula m'mitolomo. Koma mitu inaduka pakati, ina ili uku, ina uko. Ndimangolumikiza."

Madina anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ababa, akulu amati mwabisa matenda, maliro tidzamva. Bwanji osatiuza? Ng'ala amachotsa masiku ano." Anapuma pang'ono. "Koma mawu anga sindibweza. Ndinati akakhoza atsala, ndipo wakhoza."

Apa ndiye panali povuta. Chimene a Sailesi anachimenyera nkhondo chinali m'manja mwawo, chopatsidwa mwaulemu. Akanangogwedeza mutu. Chala chawo chinayenda pa ulusi wa mtolo uja mpaka chinapeza mfundo ya a Malita m'kati.

"Ayi, amake Rahma. Mutengeni."

"Agogo!"

"Kwatsala sabata zisanu. Mwana ameneyu akufunika munthu woti akalemba, aone zimene walemba. Ine ndakhala ndikumva pakamwa pokha, koma mayeso salemba ndi pakamwa. Ndipo akufunika kuti aziwerenga za iye mwini, osati kulondera nkhalamba." Anatembenukira kumene kunkachokera kulira. "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, Rahma. Dziwe lino wamaliza, ndipo wamaliza bwino."

Rahma anakana, anakalipa, ananena kuti akapita sakawerenga chilichonse. A Sailesi anamusiya anene zonse. Atatha, anamutuma lumo.

Madzulo onse a tsikulo anagwira ntchito atatu pamkeka umodzi, zaupongozi zitaikidwa pambali. A Sailesi ankadula mfundo n'kusolola ulusi, ndipo zala zawo zinkasiyanitsa mosaphonya: ofewa uku, okhakhala uku, oterera kwa Rahma. Rahma ankasanja otererawo potsata manambala. Madina anabweretsa chikuto chimene anachipeza m'sutikesi, ndipo mkuluyo anasoka buku la zaulimi kukhalanso limodzi, mabowo atatu, mfundo m'kati. Masamba asanu ndi anayi aja anapeza kwawo.

"Akalewa nditenge, Agogo?"

"Tenga lakhofi, lili ndi mapu. Mulinso ndevu zimene anajambula bambo ako, usazifufute. Lofiira lisiye, lizindinunkhira."

Asanagwirizane za china chilichonse, Madina ananena kuti mayeso akangotha abwera kudzawatenga kupita nawo kwa adokotala a maso, ndipo ulendo uno sakupempha. A Sailesi anati aona. Madina anati n'zimene akufunazo, kuti aone. A Mariamu analonjeza kuti chakudya chiziwoloka mpanda.

M'mawa wa Lachinayi, akudikira kuti katundu atuluke, a Sailesi anamva Rahma akuchita zinazake pakhoma la khonde. Kenako anawagwira dzanja n'kuliyendetsa pakalendala paja. Panali timabowo ta singano, tondondozana kutsika m'munsi, tisanu.

"Awa ndi Malachitatu otsala. Foni yanu muziika m'thumba la malaya, osati m'sutikesi. Ikalira, mudine batani lokhala ndi kachotupa."

A Sailesi anawaperekeza mpaka pamsewu, atagwira phewa la a Mariamu poyera, popeza panalibenso chobisa. Minibasi inaima, inanyamula, inapita. Anaimirira mpaka phokoso lake litasakanikirana ndi la mphepo.

Nyumba inakula. Lachisanu, Loweruka, Lamulungu, masiku ankangofanana. Lolemba anatsegula buku lofiira, lomasukamasuka, n'kulinunkhiza. Anayesa kufotokoza mutu wa sabatayo kwa mpando wa ndalema, koma mpando sutsutsa, ndipo anasiyira pakati. Anamusowa mwanayo kwambiri, moti nthawi zina ankamva ndodo zikugogoda m'chipinda mopanda munthu.

Lachitatu anadzuka m'mamawa, anasamba, anavala tayi. Anapapasa pakhoma mpaka chala chinapeza kabowo koyamba. Anakhala pampando, foni ili m'dzanja, chala chili pabatani la kachotupa. Eyiti inakwana pawailesi ya a Mariamu. Inadutsa. Anayamba kudziuza kuti mwana ali ndi aphunzitsi ena tsopano, aphunzitsi oona, ndipo n'zimene iwo anafuna.

Foni inalira. Anadina mwamphamvu mpaka inatsala pang'ono kugwa.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi? Pepani ndachedwa, amayi anapita nayo foni kumsika. Buku ndatsegula, lenilenilo. Tinalekezera pati?"

A Sailesi anakonza tayi.

"Kalasi," anatero, misozi ikutsikira m'kolala, "tinalekezera pa nkhuku."